A Chet Sanaseke

Ndemanga za oweruza mafilimu zinatuluka Lachisanu m'mawa, ndipo khofi asanazizire n'komwe filimu ya Corinne inali itafa, kungotsala kuikwirira.

Mayi ake, a Lorraine Wolniak, anali pa chitofu kukazinga mazira. Amuna awo a Chet anali pa tebulo, magalasi pamphuno, foni ataigwirira kutali ngati ikununkha, akuwerenga mokweza. Bambo ameneyu chikwatirire sanawerengepo mokweza ngakhale pepala la mankhwala ake. Tsiku limeneli pakamwa panamasuka.

"Tamverani iyi, Lorraine. 'Keke ya Abwanamkubwa yatsopanoyi ili ngati jekete la malemu: mabatani onse alipo, mwini wake yekha ndiye mulibe.'" Anakweza chala m'mwamba. "Uyu amalemba!"

"Akulemba za mwana wanu."

"Ndikudziwa, n'zachisoni zedi. Koma tamverani m'munsimu. 'Filimu yoyamba ija, ya Chet Wolniak, ndi chuma cha dziko lino.' Chuma, Lorraine. Cha dziko."

"Dziko lake liti? Lomwe lino?"

A Lorraine analipo pamene chuma chimenechi chinatuluka zaka makumi anayi zapitazo. Nyuzipepala zomwezi zinachitcha zinyalala. Wina analemba kuti nkhope ya a Chet imasangalatsa ngati chitseko cha mochare. M'maholo a kanema anaichotsa filimuyo mbuliwuli zisanathe m'mapepala. Zitatha zimenezo a Chet anakagulitsa makapeti ku Van Nuys, ndipo ntchito yaikulu ya kanema imene anaipezanso inali yovala ngati dzino lobooka potsatsa mankhwala otsukira m'kamwa. Nyumba ya ku Burbank anaiimika ndi a Lorraine, ndi kaunjika wawo wa Lamulungu lililonse pa bwalo loimika magalimoto. Mayi ameneyu ndi uja woti ukamuuza mtengo amakuyang'ana mpaka iwe mwini uyambe kupepesa.

Tsono kampani ina yaikulu nzeru zitaithera, monga zimaitherera chaka ndi chaka, inakafukula m'nkhokwe n'kupeza filimu ya Keke ija ili fumbi lokhalokha. Inati tiipangenso, ndipo kuti nkhani ikome titenge mwana wa mwini wake aitsogolere. Corinne anali atalemba kale nthabwala za pa wailesi ya kanema kwa nthawi yaitali, koma filimu yakeyake inali isanamupeze. Anavomera. Ndiye oweruza aja, pofuna ndodo yokwapulira yatsopanoyi, anatola yakale ija, kuipukuta fumbi, n'kuitcha chuma. Ambiri a iwo pamene inkatuluka anali asanamere mano.

Koma chimene chinabaya kwambiri chinali chithunzi. Tsiku loonetsa filimuyo koyamba, magetsi atangoyaka, wojambula wina anawatola a Chet ali pa mpando, nkhope ili ndwii, milomo atakwinya ngati aluma ndimu. Pansi pa chithunzicho, mkulu wa oweruza onse, bambo wotchedwa Alden Pruitt, analemba kuti: "Ndinakhala kumbuyo kwawo. Mkuluyu sanaseke ngakhale kamodzi. Ine ndiwonjezerenso chiyani?"

Apa ndiye pali umbuli wa anthu ophunzira. Anthu a nthabwala saseka. Aliyense amene anakwatiwa ndi mmodzi wa iwo akudziwa. Pitani ku kalesitilanti kaja ka pa msewu wa Magnolia kumene madala a nthabwala amasonkhana kudya masoseji ndi kudandaula za mawondo. Wina akanena nthabwala wamba, anzake amangotafuna. Ikakhala yabwino, amaika foloko pansi n'kunena kuti, "N'zoseketsa," ndi mawu a dokotala wonena za chotupa. Ikakhala yabwino zenizeni, yoti iwo sanaiganizepo, amakutukwana, ndipo sabata yotsatira sakupatsa moni. Kuseka n'kwa ogula matikiti.

A Lorraine anali pambali pa amuna awo tsiku lija, ndipo anamva zimene Alden Pruitt sanamve. Nkhani ya filimuyi ndi ya munthu wonyamula keke yaitali ngati mwana wa sukulu, kudutsa nayo mzinda wonse kupita ku ukwati wa mwana wa bwanamkubwa. Mu yakale ija a Chet amazemba agalu, mabasi ndi masitepe, n'kufika pakhomo penipeni, kuponda chingwe cha nsapato yawo, nkhope mu keke, phwa! Mu ya Corinne wonyamulayo ndi mtsikana. Chingwe chimamasuka, holo yonse imadikira kuti agwe, koma sagwa. Amaika keke pa tebulo ili yathunthu. Kutembenuka, m'nyumbamo mulibe munthu: mkwatibwi wathawa, ukwati watha. Mtsikanayo amawerama, kumanga chingwe chija bwinobwino, kukokera mpando pafupi, kenako yekha, mwaulemu, amagoneka nkhope yake mu keke ngati pa pilo.

Pamenepo a Chet anafinya bondo la akazi awo mpaka kuwawa, n'kulankhulira m'mano kuti, "Kamfiti aka!" Pa moyo wawo wonse sanamuyamikirepo munthu kuposa pamenepo. Koma chitulukire m'holo muja, kwa mwana wawo sananene kanthu.

Masana a Lachisanu lomwelo Corinne anabwera. Sanalowe m'nyumba. Anawapeza mayi ake mu galaja akusankha madiresi a pa msika, ndipo anangoima pakhomo makiyi a galimoto ali m'manja, maso atatupa.

"Alimo?"

"Alimo. Akuwerenga kachikhumi. Khala pansi, ukunditchinga kuwala."

"Sindikhalitsa, amami. Ndabwera kudzakuuzani kuti ntchito ya kunja kwa dziko ija, ya ku Toronto, ndaivomera. Ndinyamuka mwezi uno."

"Chifukwa cha chithunzi? Iwe unakulira m'nyumba muno. Unawaonapo adadi ako akuseka? Pa ukwati wathu anthu ankayesa abwera kudzalanda katundu."

"Ndikudziwa kuti saseka. Koma ndwii wa nsanje ndi ndwii wa kunyansidwa nkhope yake ndi imodzi. Ndimadikira kuti andiuze kuti anali uti. Ayi ndithu, zii. Ndiye m'mawa uno mtolankhani wawaimbira kuwafunsa, mukudziwa ayankha kuti chiyani? 'Ine ndilibe mawu.' Adadi! Munthu woti amalankhula ndi wailesi! Ndipo mawu amenewo awaika kale pamwamba pa nkhani."

A Lorraine anapinda diresi mwamphamvu kuposa mmene diresi limafunira.

"Anakutcha kamfiti. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Anauza bondo lanu. Ine sanandiuze, anthu sanawauze. Akudyerera, amami. Apeza ulemu umene akhala akuulira chibadwire changa, ndipo akudziwa kuti wakwera pamsana panga. Mkuja akakakhala pa nsanja ndi Pruitt uja n'kumangogwedeza mutu, basi, ine adadi ndilibe. Tidzaonana pa maliro."

Za mkujazi zinali chonchi. Holo ina yakale yoonetsa mafilimu a makedzana inakonza kalekale kuti Lamulungu masana idzaonetsa Keke yoyamba ija, kenako Alden Pruitt adzacheza ndi a Chet pamaso pa anthu. Mpaka Lachinayi matikiti anali kungogona. Pofika Lachisanu masana anali atatha onse, ena kumapempha kukhala pansi.

"Ubwere," anatero a Lorraine.

"Ndikaonere akundisenda? Ayi."

"Sindikuti ukhale pa mpando. Ukaime kumbuyo pa chitseko."

"Sindibwera."

"Filimu usaonere, waiona mokwana. Ufike pothera, nthawi ya mafunso. Akalephera, makatoni ndikupatsa ndine, ndipo ndidzakulongezera ndi manja angawa. Mwina ndilowemo ndekha m'katoni imodzi."

Corinne anapukuta mphuno ndi dzanja ngati kamwana.

"Funso limodzi lokha. Akalizemba ndatuluka."

"Atatu. Adadi ako amachedwa kutentha ngati mbaula yakale."

"Awiri."

"Tagwirizana. Tenga bulauzi iyi, yakoyo ikuoneka ngati wagona nayo."

Loweruka a Chet anatulutsa suti yawo yakuda ija, ya maliro ndi maukwati, n'kuima nayo pa galasi la kuchipinda akukoka mimba kuti batani lilowe. A Lorraine anakhala pa bedi manja atapinda.

"Mawa akakufunsani za filimu ya Corinne, mukanena chiyani?"

"Mwina safunsa."

"A Chet, anthu aja sanagule matikiti kudzaona mano anu. Abwera kudzaona bambo akudya mwana wake. Mukanena chiyani?"

"Ndikanena kuti... anayesetsa."

"Anayesetsa! Amenewo ndi mawu onenera madokotala wodwala atamwalira. Onjezerani."

"Chabwino, ndimuimbira foni madzulo ano. Ndimuuza tili awiri."

"Anamukwapulira pa msika, mankhwala mukamupakire kuchipinda? Ayi. Onjezerani."

"Ndikanena kuti mafilimu onse awiri ali ndi ubwino wake."

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine kasitomala akandiuza kuti madiresi onse awiri ndi okongola ndimadziwa kuti sagula. Tandiuzani ine pano, m'chipinda muno mulibe Pruitt. Mapeto abwino ndi ati, anu kapena ake?"

A Chet anasiya batani lija. Mimba inabwerera pamalo pake.

"Anamanga chingwe," anatero chapansipansi. "Anayamba wamanga chingwe, Lorraine. Ine zaka zonsezi ndimagona ndi filimu imeneyi m'mutu, ndimaikonza, ndimaiphwasula. Kumanga chingwe sikunandifikepo. Kamwana koti ndinkakasintha matewera!"

"Munasinthapo kangati? Pitirizani."

"Ake ndi abwino. Basi, mwamva. Mwakondwa?"

"Ine si amene ndikupita ku Toronto. Mukanene mawa."

Apa bamboyo anakhala pa bedi, ndipo mawu ake anachepa.

"Inu simukumvetsa. Anthu aja akuikonda yanga chifukwa akudana ndi yake. Ndikawauza kuti yake ndi yabwino, yangayo aibwezera ku nkhokwe. Ine ndinali dzino, Lorraine. Ana ankandiloza mu shopu kuti dzino lija ilo. Mawa lokha, kamodzi kokha, ndikufuna ndikhale munthu. Corinne ndi wamng'ono, adzapanga ena."

"Adzapanga ena, inde. Ndipo inu mudzawaonera pa tikiti ngati wina aliyense." A Lorraine anaimirira n'kuwakonza kolala mwaukali. "Ine ndataya tsiku la msika chifukwa cha inu. Ndikakhala kutsogolo penipeni. Mukayamba zoti anayesetsa, ndikaimirira n'kuwafotokozera anthu za dzino lija, ndi nyimbo yake yomwe. Ndimaikumbuka yonse."

Lamulungu linafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Mzere unazungulira nyumba: anyamata a ndevu zosapesa, atsikana a magalasi aakulu, onse atavala zakale zimene a Lorraine akanawagulitsa pa mtengo wabwinopo. Ena anasindikiza nkhope ya ndwii ija pa malaya. Mmodzi anawagwira a Chet dzanja n'kunena kuti anakula akuonera filimu imeneyi.

"Unaionera kuti, mwanawe?" anafunsa a Lorraine.

"Pa foni, mayi. Lachisanu."

M'katimo anthu ankaseka nthabwala isanafike, kuti oyandikana nawo adziwe kuti iwo ndi odziwa. Anaseka galu. Anaseka mabasi aja. Anaseka ngakhale pamene panalibe choseketsa, pamene mu chaka chija wojambula anangoiwala kuzimitsa kamera. A Chet anakhala duu, koma a Lorraine ankamva mpando ukunjenjemera. Bamboyo ankamwa phwete lija ngati nthaka ya chilimwe.

Magetsi atayaka, Alden Pruitt anakwera pa nsanja. Anali wamtali, woonda, mpango m'khosi kunja kukutentha chonchija. Analankhula yekha nthawi yaitali za tanthauzo la keke: ati keke ndi dziko, ati masitepe ndi moyo wa munthu wosauka, ati kugwa kuja ndi kulira kwa m'badwo wonse. A Chet ankagwedeza mutu ngati anadziwa kale zimenezi. Chikhalirecho anagwa chifukwa wotsogolera filimu anawauza kuti igwa.

A Lorraine anacheuka. Kumbuyo, pa chitseko, Corinne anali ataima, bulauzi ija atavala, dzanja limodzi lili pa chogwirira.

"Tsopano, bambo Wolniak," anatero Pruitt, akumwetulira ngati mphaka woona mkaka, "tonse tinachiona chithunzi chija. Sindikufuna kulowerera za m'banja. Koma mungatiuze zimene zinali mumtima mwanu pamene munkaonera... chinthu chatsopano chija?"

Holo inati phee. A Chet anawongola kolala.

"Aa, mukudziwa, kupanga filimu ndi ntchito yolemetsa. Anthu ambiri amagwirapo. Ophika tiyi, oyendetsa magalimoto..."

Funso loyamba linapita choncho. A Lorraine anatsegula chikwama, kuchitseka mwamphamvu kuti thwa, n'kuyamba kung'ung'udza chapansipansi kanyimbo ka dzino. A Chet anamva. Khosi lawo linafiira.

"Ndinu munthu wachifundo," anatero Pruitt. "Ndifunse mwachindunji. Mapeto aja, pamene anachotsa kugwa kwanu kotchuka. Munamva bwanji?"

A Chet anayang'ana anthu aja, mizere ndi mizere, onse maso pa iwo, zimene anazilota akuyeza makapeti m'nyumba za eni. Anayang'ana akazi awo. Kenako maso awo anapitirira mpaka ku chitseko. Anakokera maikolofoni pafupi, nkhope ili yomwe ija ya chitseko cha mochare.

"Mapeto a mwana wanga ndi abwino kuposa anga."

Kenako holo inaphulika.

Anthu anafa nalo phwete. Ena anawerama atagwira mimba, ena kumenya mipando ya anzawo. Pruitt anagwetsa mapepala ake, akupukuta misozi ndi mpango uja. Nanga si anali atangoonera munthu yemweyu akunena zopusa ndi nkhope youma kwa filimu yonse? Anati mkuluyu wayambanso. Anati iyi ndiye mbama yeniyeni, bambo kumunyogodola mwana wake osaphethira n'komwe.

"Ayi, ndikunena zoona," anatero a Chet. "Ndinakwinya nkhope chifukwa cha nsanje."

Phwete linakwera kufika kudenga.

"Nsanje!" anakuwa mnyamata wina. "Ati nsanje!"

Tsono mvetserani. Munthu wa nthabwala salankhula anthu akuseka. Limeneli ndi lamulo loposa malamulo onse a ntchitoyi. Anthu akaseka umaima, umadikira, umalisiya phwete likwere, lifike pamwamba, liyambe kutsika, ndiye ulankhule. Kulankhula pakati pake amati kuponda phwete lako lomwe, ndipo woponda anzake amamuyesa wophunzira kumene. A Chet anali asanapondepo, ngakhale ali dzino. Ndipo ili linali phwete lalikulu kuposa onse amene anawapezapo. Akanangokhala chete, kukweza nsidze imodzi, bwenzi anthu aja atawanyamula pamapewa.

Anaimirira n'kuliponda.

"Tamverani, anthu inu! Mtsikana uja amamanga chingwe! Kodi munaonera? Ndani pano anakaonera? Inu a mpango, munaona kuti amamanga chingwe? Ine ndinagwa chifukwa aliyense amagwa. Iye sanagwe, anasankha yekha! Khalani chete ndikuuzeni!"

Mawu awo ankamira m'phokoso. Akakuwa, anthu ankaonjeza kuseka. Akamenya pa tebulo, ankawomba m'manja. Pruitt, akupuma movutika, anauza anthu kuti, "Mwaona? Uyu ndiye katswiri. Satuluka m'sewero ngakhale pang'ono!" Anthu anaimirira onse kuwomba m'manja, ndipo a Chet anatsala ali chilili pakati pa nsanja, thukuta kamukamu, akulankhulabe za chingwe kwa anthu osamva.

A Lorraine anacheukanso. Pa chitseko panalibe munthu.

Sanadikire zojambulitsa. Anawagwira amuna awo pa mkono, kuwadutsitsa pakati pa ofuna kusainiridwa malaya, akukankha ndi chikwama. Mumtima anali atayamba kale kuganiza kumene angapeze makatoni olimba.

Kunja, pa bwalo la magalimoto, phula likutentha kupyola m'nsapato, anamupeza Corinne atatsamira galimoto lake, manja m'thumba. Sanali kuseka, sanali kulira. Anawayang'ana bambo ake kuyambira ku nsapato mpaka kumutu.

"Munaponda," anatero.

"Ndinaponda."

"Lonse lija. Kuyambira pamwamba mpaka pansi."

"Sanamve kanthu, mwanawe. Mawa alemba kuti ndakumaliza."

"Alemba kumene. Pruitt wayamba kale, ndamuona akubaya foni." Corinne anayang'ana kumbali. "Munandiphunzitsa ndinu kuti munthu saponda ngakhale nyumba ikupsa."

"Ndakalamba. Ndayamba kuiwala."

Asanapitirize, Alden Pruitt anatulukira akuthamanga chammbali, mpango ukuuluka.

"Bambo Wolniak! Zoopsa! Sindinaonepo! Tiyenera kukachitanso zimenezi ku New York, mawu omwewa, mkwiyo womwewu, osasintha kanthu." Anamuona Corinne, n'kugwira pamtima. "Mayi, musazitengere kumtima. Ndi luso basi."

A Chet anatsegula pakamwa. A Lorraine anaona m'maso mwawo kanthu kakung'anima pa dzina la New York, ndipo sanadikire kuti kakule.

"Achimwene," anatero kwa Pruitt, "katundu ameneyu watha. Munachedwa naye zaka makumi anayi. Ndipo vulani chimpangocho musanakomoke, muno si mwa ayezi."

Pruitt anaseka, poyesa kuti nawonso ndi a nthabwala, n'kubwerera m'kati akugwedeza mutu mokondwa.

Corinne anatsegula chitseko chakutsogolo cha galimoto lake.

"Lowani, adadi. Lanulo mudzatenga mawa. Ku Toronto ndipitabe, amami, musandiyang'ane choncho. Ndinasaina, ndipo muno palibe andipatse ntchito chaka chino. Koma ndi miyezi yochepa. Nyumba sindibweza."

"Ndiye makatoni ayi?"

"Sutikesi basi."

"Ndili nayo yabwino mu galaja. Ndikuchotserako pang'ono poti ndiwe mwana."

A Lorraine anakhala kumbuyo, nsapato atavula. Galimoto linalowa mu msewu waukulu n'kuima nthawi yomweyo pa mzere wa magalimoto osayenda. Kenako a Chet anakonza kukhosi, maso ali kutsogolo.

"Koma pamene amakokera mpando paja unafulumira. Ukanadikira pang'ono asanagoneke nkhope."

"Sindinafulumire."

"Unafulumira. Mpweya umodzi wokha. Ayang'ane keke, ayang'ane chitseko, kenako agone."

"Akayang'ana chitseko anthu adziwa kuti akuganiza! Zafa pamenepo!"

"Ndani anakuuza? Iwe unabadwa liti?"

"Adadi, inu munagwa pa chingwe. Musandiphunzitse."

"Ndinagwa bwino! Funsa dziko!"

A Lorraine anatsamira, n'kutseka maso. Mawu awiri aja ankakwerana, kudulana, wina osalola mnzake kumaliza, mpaka woyendetsa galimoto la pambali anatsitsa galasi kuti aone ngati kuli ndewu.

"Mukanganirane konko," anatero mayiyo, "koma wina akhote pa mphambano ikubwerayi. Ine chidyere mazira a m'mawa."